Mayi Lezala ndi Ndandanda wa Zitsime

Akulu anga anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri m'kachipinda kamodzi ka pansi pa masitepe, kuseri kwa laibulale ya yunivesite. Kachipindako kanali kolowa pansi, moti ukakhala pampando pazenera pankangooneka miyendo ya anthu odutsa. Munali desiki, kabati yachitsulo ya loko, ketulo, ndi makina otaipira amene pambuyo pake analowedwa m'malo ndi kompyuta. Pachitseko panalembedwa dzina la magazini ya kafukufuku imene yunivesiteyo inkatulutsa kawiri pachaka. Dzina lawo silinalembedwe paliponse, ngakhale m'magazinimo.

Ine ndine telala. Za kafukufuku sindizidziwa, ndimadziwa nsalu ndi makasitomala onama za kukula kwa chiuno chawo. Koma chimwalirireni alamu anga ndakhala nyumba imodzi ndi akuluwa, ndiye ntchito yawo ndinaimva mpaka kuiloweza, ngati wailesi ya nyumba yoyandikana.

Ntchitoyo inali yotere. Aphunzitsi ankatumiza mapepala ofotokoza zimene apeza pa kafukufuku wawo kuti zisindikizidwe. Lamulo linali lakuti pepala lisanalandiridwe liwerengedwe ndi akatswiri awiri osadziwa mwini wake, ndipo mwini wakeyo asadziwenso amene aliwerenga. Pakati pa anthu amenewa pankakhala akulu anga. Pepala likafika, ankatenga lezala ndi rula n'kudula dzina la wolemba paliponse pamene labisala. Pakona ankalembapo nambala, ndipo dzina ndi nambalayo zinkalowa m'buku lakuda la m'kabati. Pepala likalandiridwa, iwo omwewo ankalitaipa bwinobwino kuti lipite kosindikiza. Dzina loti Mayi Lezala linachokera pamenepo, ndipo linawakanirira ngakhale pamene kompyuta inayamba kudula mayina popanda lezala.

Anthu ankawayesa, musaganize kuti ayi. Pulofesa wina wa mimba yake, amene pepala lake linakanidwa, anatsika masitepe aja ndi jumbo ya malalanje kuti amutsine khutu za amene wamukana. Akulu anathokoza, anagawira malalanjewo amayi osesa pamaso pake, n'kunena kuti, “Ine ndimangodula mapepala, bwana.” Atandiuza kunyumba ndinati, nanga ine mng'ono wanu simungandiuze? Anangondifunsa ngati ndamaliza diresi ya mwana wa eni yomwe ndinalonjeza Lachiwiri.

M'zaka zonsezo analakwitsa kamodzi, ndipo nkhani yonse ili pamenepo.

Kunali mphunzitsi wina wachikulire amene anayenda panjinga zaka ziwiri m'midzi makumi anayi, akuyeza madzi ndi kuwerenga ana odwala m'mimba. Pepala lake linali ndi ndandanda wa manambala. Mzere wina unali wa midzi yomwa madzi a pamjigo, wina wa midzi yomwa m'zitsime zosaphimba. Potaipa, akulu anasinthanitsa mizere iwiriyo. Magazini inatuluka ikunena kuti ana a pamjigo ndiwo amadwala kwambiri, a zitsime zosaphimba ali bwino. Palibe anaona. Anaona okha patapita masabata atatu, n'kukadzinenera okha kwa akonzi a nthawi imeneyo. M'magazini yotsatira munatuluka mawu okonza, ndipo m'makope amene anali asanatumizidwe akulu anamatamo kapepala ndi guluu, kope lililonse ndi dzanja lawo. Koma makope ena anali atapita kale ku malaibulale akutali. Mkulu wa njinga uja anawakhululukira tsiku lomwelo. Iwo sanadzikhululukire, anaonda mpaka ndinachita kuwabweza masiketi onse. Manambala a mizere iwiriyo ankawatchula pamtima ngati tsiku lawo lobadwa.

Nthawi imeneyo mwana wawo anali ndi zaka khumi. Mwana mmodzi yekhayo, wamwamuna. Akaweruka kusukulu ankapita ku kachipinda kaja kukadikira mayi ake, n'kumagogoda makina otaipira ndi chala chimodzi, ndiye tinamutcha Kachala. Anali wanzeru, pamenepo sindinganame, ndipo anali wachikondi. Ankandithandiza kulowetsa ulusi pasingano maso anga atayamba kuvuta. Anakula akuona mapulofesa akutsika masitepe, ndipo mayi ake ankamuuza kuti tsiku lina dzina lake lidzalembedwa m'magazini imene iwo amataipa. Anaphunziradi mpaka anthu n'kumamuti Dokotala, osati wa kuchipatala, wa mabuku. Anapeza ntchito yophunzitsa ku yunivesite ina, mtunda wa maola asanu pabasi, anakwatira mtsikana waulemu, namwino. Kwa ine anakhalabe Kachala, udokotalawo ankausiya pageti.

Patapita zaka makumi awiri ndi ziwiri chichitikireni za mizere ija, pepala la Kachala linafika pa desiki ya mayi ake. Atangoona dzina sanawerenge n'komwe. Anakwera nalo masitepe kukapereka kwa akonzi, mayi wina wophunzira kwambiri koma wosadzimva, amene anali atagwira udindowo zaka zitatu. Anawauza kuti uyu ndi mwana wanga, ndisaligwire. Akonzi analiyendetsa okha. Patapita miyezi isanu akatswiri awiri aja anayankha kuti pepalalo ndi labwino, ndipo zimene lapeza n'zachilendo, lisindikizidwe.

Tsiku limenelo akulu anafika kunyumba ndi nsalu yabuluu ya maluwa oyera, akuti ndiwasokere diresi yodzavala magazini ikatuluka. Munthu amene sankagula nsalu popanda ine kumukakamiza! Ankaimba kukhitchini. Ine ndinawayeza ndikuwaseka kuti mayi a Dokotala ayamba kunenepa.

Koma potaipa za kosindikiza panalibe wina woti agwire, ntchitoyo inali yawo. Akonzi anati palibe vuto, chiweruzo chaperekedwa kale. Ndiye Lachitatu lina anatsegula pepala la mwana wawo koyamba. Linali la madzi akumwa m'midzi makumi anayi. Atafika pa ndandanda, akuti zala zawo zinayamba kutaipa manambala maso asanawerenge.

Anabwera kunyumba masana, chinthu chimene sanachitepo. Ine ndinali pakhonde ndi makina anga. Anakhala pa mpando wa makasitomala nsapato zili kuphazi, n'kutulutsa m'chikwama magazini yakale ndi pepala latsopano. Anaziyala pamwamba pa nsalu yanga.

“Tawerenga apa, ndi apa,” anatero.

Ndinawerenga. Manambala anali amodzimodzi, mudzi ndi mudzi. Ndinati mwina zangofanana, madzi ndi madzi.

“Akanafanana ndi a mkulu uja ndikanati mwina,” anayankha. “Koma afanana ndi anga. Watenga mizere imene ndinasinthanitsa ine. Ku laibulale ya kuntchito kwake kuli kope lopanda kapepala kanga.”

Chachilendo chimene akatswiri anachiyamikira chinali chimenecho, kuti ana a pamjigo akudwala kuposa a zitsime zosaphimba. Mwana anakopera kulakwitsa kwa mayi ake n'kulemba masamba asanu ofotokoza chifukwa chake.

Ndinena poyera zimene ndinawauza, sindichita nazo manyazi. Ndinati khalani chete. Mkulu wa njinga uja anamwalira kalekale, akonzi akale anapuma, akatswiri awiri sanaone. Padziko lonse wodziwa ndi inu nokha, ndi ine telala. Taipani, muvale diresi yanu. Magazini imeneyi amawerenga ndi anthu angati?

“Amene amasankha kokumba mijigo amawerenga,” anatero akulu.

Ndinapsa mtima. Ndinati ana a m'midzi imeneyo simuwadziwa ngakhale mmodzi, koma uyu munamubereka nokha. Akulu anatenga foni n'kumuimbira Kachala kuti abwere Loweruka, pali nkhani.

Anabwera ndi basi ya m'mawa, atanyamula buledi ndi shuga, akumwetulira, akuganiza kuti mwina mayi akudwala pang'ono. Tinakhala pabalaza. Akulu anaika mapepala awiri aja patebulo. Kachala anawayang'ana. Sanakane. Pamenepo pokha ndimamupatsa ulemu.

“Amayi, galimoto ya kafukufuku anandipatsa masiku anayi,” anatero. “Midzi makumi anayi m'masiku anayi. Ndinafika isanu ndi umodzi. Kontrakiti yanga ikutha chaka chino, ndipo popanda mapepala atatu osindikizidwa sandiwonjezera. Awiri ndili nawo. Mpongozi wanu ndi woyembekezera, mukudziwa.”

“Ndikudziwa, mwanangu.”

“Aliyense amachita zimenezi. Akuluakulu amene mumawapatsa ulemu aja amachita zoposa apa.”

“Amene ndinawaona ndinawanena. Amene sindinawaone sindikuwadziwa.”

Kenaka anamufotokozera za mizere ija. Iye sankakumbukira, anali mwana. Atamva anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kunena kuti ndiye nkhani yaphweka, angobweza mizereyo m'malo mwake n'kusintha masamba asanu aja. Akulu anapukusa mutu. Anati ukabweza mizere, manambala akhalabe a munthu amene anapalasa njinga zaka ziwiri, ndipo iwe ukhala ukunenabe kuti unayeza wekha chaka chatha.

“Lemba kalata kwa akonzi,” anamuuza. “Unene kuti ukulichotsa pepalalo. Ukalichotsa wekha nkhani ithera pomwepo. Ulembe za midzi isanu ndi umodzi imene unafikadi, ndidzakutaipira ndi manja awiri. Magazini ikupita kosindikiza Lachisanu. Ndidikira kalata yako mpaka Lachisanu m'mawa.”

“Pepala latsopano litenga chaka. Ine chaka ndilibe.”

“Ndikudziwa.”

Kachala anaimirira. Anayang'ana ine ngati kuti ndimuthandize, ndipo ndinayesadi, ndinati akulu, taganizani bwino. Kenaka iye ananena mawu amene mpaka lero sindinawaiwale.

“Amayi, inu ndinu wotaipa. Ntchito yanu ndi kutaipa zimene mwapatsidwa. Za kafukufuku zisiyireni ife.”

Ine amene ndinali mbali yake ndinatembenuka pomwepo. Ndinati iwe Kachala, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, udokotala wakowo unatuluka m'zala zomwezi. Akulu anandigwira mkono kuti ndikhale pansi. Anangoti, “Wanena zoona, ndine wotaipa. Koma ichi ndinachitaipapo kale kamodzi, ndipo sindichitaipanso.” Iye anatuluka osamwa tiyi. Ndikuganiza kuti sanakhulupirire kuti mayi ake angachite.

Sabata imeneyo m'nyumba munali zii. Tsiku lililonse akulu akabwera ndinkawayang'ana kumaso, iwo n'kupukusa mutu, kalata sinafike. Lachinayi anamuimbira katatu, sanayankhe. Ine ndinamuimbira pa foni yanga. Anati, “Mayi aang'ono, auzeni amayi kuti akafuna kundipha andiphe, koma mpeni sindiwanolera.” Sindinawauze mawu amenewo.

Lachisanu ndinawaperekeza kuntchito, kunama kuti ndikukagula zipi m'tauni. Njira yonse ndinkawanyengerera. Tinafika pa kachipinda kaja, anatsegula kompyuta, anayang'ana makalata, anapita kukafunsa kwa mlonda ngati pabwera envulopu. Anadikira mpaka wotchi itakwana teni. Kenaka anatenga mapepala awiri aja n'kukwera masitepe. Ine ndinatsala pansi ndikuyang'ana miyendo ya anthu pazenera.

Zimene zinakambidwa m'mwambamo anandiuza okha. Akonzi atawerenga anavula magalasi. Anati lamulo la magazini ndi lakuti pepala lichotsedwe ndipo yunivesite ya wolembayo idziwitsidwe, ndipo lamulolo sangalipinde chifukwa analigwiritsa kale ntchito pa anthu ena awiri. Koma anali munthu wachifundo. Anati m'kalata yopita ku yunivesiteyo angathe kulemba kuti mmodzi wa akatswiri ndiye watulukira, kuti dzina la mayi lisamveke. Akulu anakana. Anati mwanayo akudziwa kale, ndipo kalata yonena za bodza isayambe ndi bodza.

Nditamva zimenezo ndinawakalipira pamsewu, anthu akutiyang'ana. Ndinati mtima wanu ndi wouma, munthu wakupatsani pobisala inu mukukana. Tinayenda mpaka pa siteji ya basi. Pamenepo anakhala pa benchi n'kuyamba kulira, kulira kopanda mawu, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Maliro a amuna awo sanalire choncho. Ndinangowaphimba ndi thupi langa kuti anthu asawaone.

Ku yunivesite ya Kachala akuluakulu anakambirana nkhaniyi miyezi itatu, ndipo pamapeto pake kontrakiti sanaiwonjezere. Mbiri yotere imayenda, kwina konse kumene anafunsira ntchito anamukana. Anasamukira kwawo kwa mkazi wake, ndipo tinamva kuti akuphunzitsa pa sekondale ina yapulaiveti. Mwana anabadwa, wamkazi. Tinamva kwa anthu. Akulu analuka kajuzi n'kutumiza, sitinamve ngati kanafika.

Abale ena anawaweruza kuti mayi wanji wodya mwana wake. Kuntchito ena ankawapatsa moni mwaulemu kuposa kale, ena ankawalambalala ngati ali ndi nthenda. Iwo anapitiriza kutsika masitepe aja zaka zina zitatu. Tsiku lopuma ntchito anawapatsa wotchi ya pakhoma ndi keke, akonzi n'kunena mawu abwino okhudza kukhulupirika. Akulu anangoyang'ana pansi. Pobwerera anandiuza kuti akanakonda akonzi akanapanda kunena, chifukwa munthu sayamikiridwa pa chinthu chimene chinamusiya wopanda mwana.

Kamodzi ndinakwera basi osawauza, kukamuona Kachala. Anandilandira bwino, anandigulira chakumwa pa golosale ya pafupi ndi sukulu yake, koma kunyumba sananditengere. Anali atayamba imvi. Ndinati chibale ndi fupa, mwanawe, sichiola. Anati, “Ndinalakwa, mayi aang'ono, sindikukana. Mlendo akanandigwira ndikanavomera. Koma munthu ukalakwa umathawira kwa mayi ako. Ine ndithawire kuti?” Masiku ena ndimati akulu anachita bwino, masiku ena ndikawaona akudya okha osalankhula ndimafuna kuwagwedeza.

Tsopano papita zaka zisanu ndi chimodzi. Maso awo anafooka, kompyuta inawadya, ndiye foni ndimawaimbira ine. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, tikadya masana, amati, “Tamuyesa.” Ndimaimba n'kuika foni patebulo kuti timve tonse. Imalira mpaka kuduka yokha. Iwo amati mwina ali kutali ndi foni, ine n'kuvomera.

Mwezi watha inayankhidwa. Anali mawu a mwana.

“Halo? Adadi akutsuka galimoto ya ankolo. Ndinu ndani?”

Akulu anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinawagunda ndi chigongono kuti ayankhe.

“Ndine agogo ako, mwanangu.”

“Agogo anga ali kukhitchini.”

“Ndine agogo enawo. Amayi a adadi ako.”

Mwanayo analankhula mofatsa, ngati akuthandiza munthu wosokonezeka. “Ayi, amenewo anamwalira ine ndisanabadwe. Adadi anandiuza.”

Ndinatambasula dzanja kuti ndilande foni, ndimuuze mwanayo kuti akaitane bambo akewo ndiwalavulire zonse za kukhosi. Akulu anaika dzanja lawo pamwamba pa langa. Anamufunsa mwanayo kuti ali kalasi yanji, ndipo anati ali kusukulu ya mkaka koma amatha kulemba dzina lake. Anamuuza kuti wachita bwino, azilemba mosathamanga. Mwanayo anati bayi, foni n'kuduka.

Tinakhala choncho, mbale zili patebulo. Ine misozi inali mbwembwembwe, iwo maso ali gwa pakhoma. Patapita nthawi anakankhira foni kwa ine.

“Kaiike pa chaji,” anatero. “Mwana akawauza bambo ake, mwina aimba.”